Masewelo a ku Korea: Nkhongole zawo tizidziwa, koma mwana wa bwana sadzafika mu Chibolya

Pa Ciwili m'mawa ninakwela basi ya ku Mtendere, ndipo monga mudziwa, basi siinyamuka mpaka mpando wothela utadzala. Pafupi na ine panakhala amayi ena ovala citenge, thumba la tomato pamiyendo, foni m'manja, ka waya m'makutu. Tisanafike patali ninaona misozi itsika pamasaya pawo. Ninaganiza kuti ni malilo. Ninakonzeka kukamba kuti "pepani amayi," koma nitasuzumila pa foni ninaona mnyamata wa ku Korea waimilila pa mvula, alibe ambulela, ayang'ana windo la nyumba inayake. Ba kondakita anaitana katatu: "Ba mami, ya basi!" Amayi aja anapeleka ndalama osaceuka n'komwe, ati, "Iwe leka, afuna kumuuza manje."

Sininaseke, cifukwa na ine matenda amenewa nili nawo. Ninabadwila mu Chibolya ndipo nikali kukhala momwemo. Sewelo loyamba la ku Korea ninalitamba nili mwana wa sukulu, pa ma disiki a Jumong amene amalume anagula mu tauni. Magawo 81, ndipo disiki ya pakati inali yokalika, cakuti mpaka lelo sinidziwa mmene nkhondo ina inathela. Masiku ano za ma disiki zinatha. Upita pa kantemba ka mafoni na memori kadi yako, mnyamata akuikila sizoni yonse, umupatsa ka ndalama ka vitumbuwa, basi. Ena amakoka okha na bando ya usiku. Mu basi iliyonse ya ku Kanyama, Matero, Chawama kapena George, ukayang'ana bwino upeza munthu mmodzi kapena awili amene mtima wawo uli ku Seoul pamene thupi lili pa Lumumba Road.

Popeza nataya maola ambili pa masewelo amenewa, niona kuti nili na ufulu wowaweluza. Anthu a ku Korea akamalemba za munthu wosauka, za nkhongole na za anansi, ni ocepa amene angawapose, ndipo ise a mu komboni timadziona monga pa galasi. Koma akayamba kugulitsa loto la mwana wa bwana amene abwela kudzapulumutsa mtsikana wosauka woyela khungu, pamenepo amatinamiza, ndipo bodza limenelo linalowa kale m'nyumba mwathu. Nidzafikako.

Tiyambe na zabwino, cifukwa zilipo. Coyamba, nkhani zawo zimatha. Masewelo ambili a masiku ano ali na magawo 12, 16 kapena 20. Crash Landing on You, nkhani ya mkazi wolemela wa ku South Korea amene cimphepo cinamuponya ku North Korea m'manja mwa msilikali, inatha pa gawo 16, ndipo aliyense anapita kukagona. Yelekezani na masewelo ena akunja amene tinayamba kutamba mwana ali m'mimba, lelo mwanayo ali mu giledi 2 koma apongozi na mkazi wa mwana wawo akali kuyang'anana, kamela izungulila nkhope iliyonse katatu. Wolemba amene adziwa kumene nkhani yake idzathela sakutayila nthawi. Kwa munthu amene amawelengela bando na batile, iyi si nkhani yaing'ono. Mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku, ambili a ife tinali kuchaja foni ku nchito kapena kwa aneba a sola kuti usiku titambe gawo limodzi mu mdima.

Caciwili ni ulemu. Wamng'ono amawelama popeleka moni, amalandila cinthu na manja awili, ndipo sachula mkulu dzina lake lokha. Mawu monga oppa, unni na ajumma amagwila nchito imene "ba" amagwila kuno. Amayi anga, amene amazima TV akaona anthu ayamba kuvula, amakhala pansi n'kutamba nafe, cifukwa mwamuna na mkazi angafike gawo 8 asanagwilane olo dzanja. Koma musapusitsike kuti onse ni otelo. Squid Game na The Glory ali na magazi na nkhanza zimene mwana wa giledi 5 safunika kuona, olo kuti anzake onse a mu laini yanu anatamba kale.

Cacitatu, ndipo ici ndiye cacikulu: amadziwa nkhongole. Squid Game inatuluka pa Netflix mu September 2021. Anthu 456 omila mu nkhongole avomela kucita masewela a ana, wolephela aphedwa, wotsala yekha atenga ma won 45.6 biliyoni. Ambili anaitamba cifukwa ca cidole cacikulu na zovala za gilini. Ine cimene cinanigwila ni gawo laciwili, pamene anthuwo avota kuti masewela aleke, abwelela kunyumba, aona mmene zinthu zilili, ndipo ambili abwelelanso okha ku malo a imfa. Gi-hun amabeca pa mahachi, amaba khadi ya ku banki ya amayi ake okalamba, ndipo amayiwo adwala shuga koma ndalama ya cipatala kulibe. Amene anakongolapo kaloba pakati pa mwezi, kapena amene ali na m'bale wake amene amataya malipilo onse pa kubeca mpila na pa ma bonanza, safunika ma subtitle kuti amve gawo limenelo.

My Mister ya mu 2018 ni yacete koma ibaya kwambili. Lee Ji-an ni mtsikana wa nchito ya ganyu mu ofesi, usiku atsuka mbale mu lesitilanti n'kudya zotsala. Asunga ambuye ake osamva, ndipo wa kaloba amamumenya cifukwa ca nkhongole imene iye anangoipeza. Mwamuna wamkulu wa mu ofesi yake amuthandiza, koma osati pomukwatila kapena kumugulila galimoto. Amugulila cakudya, amupapila ambuye ake pokwela citunda, ndipo amuuza mmene angalembetsele kuti boma liziwasamalila. Thandizo lotelo ni lamene timalidziwa mu komboni, la munthu amene nayenso ali na mavuto ake.

Koma imene nimakonda kuposa zonse ni Reply 1988, imene inaonetsedwa mu 2015 na 2016. Mabanja asanu akhala mu ka njila kamodzi ku Ssangmun-dong, dela la anthu wamba kumpoto kwa Seoul. Madzulo amayi atuma ana na mbale kwa aneba, mbale ibwelela na ndiwo zina, mpaka thebulo ya nyumba iliyonse idzala na zophika za nyumba zonse. Banja la Deok-sun likhala m'zipinda za pansi pa nyumba ya eni ake cifukwa atate anasainila mnzawo nkhongole, ndipo nkhongoleyo inawagwela iwo. Mazila akakhala awili, limodzi ni la mwana woyamba, lina ni la cisinda, wapakati adya nyemba. Usiku wina utsi wa malasha uwakomola ali mtulo, makolo anyamula ana awili kuthawila panja, wapakati uja amuiwala. Inu amene munagonapo na mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June, niuzeni ngati nkhani imeneyo ni ya ku Korea.

Manje tibwele ku zofooka. Zina ni zoseketsa cabe. Nkhani ikawathela, olemba aitana cimotoka coyela kuti cigunde munthu pa msewu, ndipo akauka m'cipatala waiwala zonse. Aliyense amene akondana na mnzake zipezeka kuti anakumanapo ali ana, monga kuti Seoul ni yaing'ono kuposa Kalingalinga. Pakati pa malilo munthu atulutsa switi ya kofi, aiyang'anitsa ku kamela, atiuza mmene imacotsela tulo. Munthu wolemela kuposa onse mu dziko apita kukadya sangweji pa Subway, cifukwa kampaniyo inalipila. Ndipo mabotolo a gilini a soju sacoka pa thebulo: akondwa amwa, alila amwa, mkazi akolewa mpaka kumupapa, ndipo tiuzidwa kuti n'zokongola. Ise amene tinaona zimene tujilijili tunacita kwa anyamata athu tusanaletsedwe mu 2012, kukongola kumeneko sitikuona.

Zofooka zina si zoseketsa. Tengani Boys Over Flowers ya mu 2009, imene inachukitsa Lee Min-ho ndipo ikali kuyenda m'ma memori kadi mpaka lelo. Jan-di ni mwana wa ocapa zovala. Jun-pyo ni mwana wa eni kampani yaikulu. Cikondi cawo ciyamba bwanji? Mnyamatayo alamula sukulu yonse kuti imuvutitse mtsikanayo. Pambuyo pake amukoka dzanja, amukalipila, amusankhila zovala, acita nsanje na aliyense amene amupatsa moni, ndipo nyimbo yokoma iyamba kulila kuti tidziwe kuti ici ndiye cikondi. Nkhani imeneyi yabwelezedwa kambili, mayina cabe ndiye amasintha. Phunzilo lake kwa mtsikana wa zaka 15 n'lakuti mwamuna wankhanza ni wovulala mumtima, upilile, adzasintha, ndipo njila yocoka mu umphawi ni kukondedwa na wa ndalama. Kuno kwathu galimoto ya magalasi akuda imene imaima pafupi na geti ya sukulu, mkati simukhala Lee Min-ho. Mukhala munthu wa msinkhu wa atate ake, ali na mkazi na ana ku mayadi. Ndipo amene amakoka dzanja na kukalipa, nkhani yake siithela pa ukwati wa maluwa, imathela ku Victim Support Unit.

Ndiye pali nkhani ya khungu, imene inanikhudza ine mwini. Caka catha mlongo wanga wamng'ono, amene ali ku sekondale, anayamba kusintha nkhope. Poyamba anayela, kenako masaya anafiila, kenako panabwela mabala akuda amene sanali kucoka. Amayi anapeza ka botolo kopanda dzina lomveka m'cikwama cake ca mabuku, kogula pa msika na ndalama ya lanchi ya milungu ingapo. Nitamufunsa, anati, "Ba bro, simuona bonse mu ma series ni boyela? Wakuda ni ndani angamufune?" Ninasowa cokamba, cifukwa memori kadi imene anali kutambila inali yanga.

Siningakambe kuti Korea ndiye inabweletsa mafuta oyeletsa khungu mu Lusaka. Ambuye athu anali kuwadziwa kudala. Koma masewelowa amathila palafini pa moto. Nkhope iliyonse ni yosalala monga mbale ya dongo yatsopano, ndipo mtsikana amene nkhani itiuza kuti ni wosauka, wogwila nchito zitatu, auka m'mawa alibe olo kacipele kamodzi. Mwana saona magetsi a mu situdiyo, opaka nkhope na madokotala amene ali kumbuyo kwa nkhopeyo. Amaona cabe kuti wokondedwa ni woyela. Ena mwa mafuta otsika mtengo amenewa amakhala na hydroquinone, mankhwala a steroid kapena mercury, ndipo mercury imafika mpaka ku impso. Mlongo wanga analeka, koma mabala anatenga miyezi kuti azilale.

Nanga ife akuda timaoneka bwanji m'masewelo amenewa? Kambili sitionekamo. Tikaoneka, zimakhala monga mu Shooting Stars ya mu 2022, mmene mnyamata wochuka apita "ku Africa" kukakumba zitsime, dziko osalichula, monga kuti Africa ni mudzi umodzi waludzu. Mu The Penthouse, mu 2021, anaveka munthu tsitsi la madiledi na mano a golide kuti aoneke woopsa, anthu anadandaula mpaka woseweloyo anapepesa. Timawakonda anthu amenewa, timalila nawo mu basi, koma iwo akaganiza za ife amaona fumbi na citsime.

Amabisanso Korea yeniyeni. Pafupi na nyumba zitali-zitali za ku Gangnam pali Guryong, komboni ya mapulanga na malata imene moto umaiononga kawili-kawili. Mu August 2022 mvula yamphamvu inagwa mu Seoul, ndipo banja la anthu atatu linamila m'zipinda za pansi, zofanana na zija za Deok-sun. A ku Kanyama amene amatunga madzi m'nyumba na ndowa caka ciliconse angamve. Mu 2023 ciwelengelo ca ana obadwa pa mkazi mmodzi ku South Korea cinatsika kufika pa 0.72, cifukwa acinyamata ambili aona kuti nyumba, sukulu na nchito n'zolemetsa kwambili cakuti sangakwanitse kuyamba banja. Dziko limeneli ndiye lili pamwamba pa nkhani ya kudzipha pakati pa maiko olemela a mu OECD. Dziko limene limatigulitsa cikondi ca pa mvula, eni ake ambili alibe nthawi ya cikondico.

Wina pa mpando wa kumbuyo adzati, "Iwe mtolankhani, leka anthu apumule. Munthu wagulitsa pa Soweto kucokela 05:00, ufuna akafika kunyumba atambe za nkhongole futi?" Nivomela. Na ine ninatamba Crash Landing on You kawili, ndipo ninakondwa pamene Hyun Bin na Son Ye-jin anakwatilana zenizeni mu 2022, monga kuti ni acibale anga. Loto si chimo. Munthu wamkulu adziwa pamene loto lithela na pamene lendi iyambila. Nkhawa yanga ni mwana amene atamba yekha pansi pa bulangeti mpaka 02:00, "gawo limodzi cabe" kasanu, mawa lake agona mu kilasi, ndipo palibe wamkulu womufunsa kuti, "Uja mnyamata amene wakoka mnzako dzanja, uganiza wacita bwino?" Kulanda foni sikuthandiza, adzabweleka ya mnzake. Khalani naye pansi, tambani naye, mutsutsane.

Cinthu cimene cimanisowetsa tulo n'cina. Hwang Dong-hyuk, amene analemba Squid Game, anakulila ku Ssangmun-dong komweko, ndipo Gi-hun wake acokela komweko. Anailemba ali na nkhongole iye mwini, ndipo inakhala zaka pafupifupi 10 osapeza woigula. Munthu wa m'dela la anthu wamba analemba za dela lake, dziko lonse linatamba. Ziwelengelo za World Bank zionetsa kuti mu 1964, pamene tinalandila ufulu, cuma ca dziko cikagawidwa pa munthu aliyense, Mzambia anali pamwamba pa munthu wa ku South Korea. Pambuyo pa mavuto a zacuma a mu 1997, boma la Kim Dae-jung linayamba kuona mafilimu, nyimbo na masewelo monga katundu wogulitsa kunja, n'kuikamo ndalama. Mu April 2023 Netflix inalengeza kuti idzaika madola 2.5 biliyoni m'masewelo na mafilimu a ku Korea pa zaka zinayi.

Na ise tinayamba. Tinakula na Kabanana na Banja, ndipo Zuba na Mpali pa Zambezi Magic zaonetsa kuti Mzambia amatamba zakwawo akapatsidwa zabwino. Koma onani kuti olo Zuba, mtsikana wa kumudzi, nkhani yake icitikila m'nyumba ya olemela a Sosala. Chibolya ikaoneka pa TV, ni pa nyuzi, apolisi atsika m'galimoto m'bandakuca, matumba a camba aikidwa pa thebulo. Zimenezo zilipo, sinikana, nimadutsa pamenepo tsiku lililonse. Koma mu Chibolya yomweyo muli amayi a cilimba amene anaphunzitsa ana anayi na ndalama ya vitumbuwa. Muli anyamata a wilibala amene amauka mdima ukalipo kukanyamula masaka pa Soweto. Muli mizele ya pa pompi pamene nkhani za ukwati uliwonse zimaweluzidwa, alandilodi na olipila lendi amene amayambana m'mawa koma madzulo anyamula limodzi mwana wodwala kolela. Circus Zambia inayambidwa na anyamata okulila mu Chibolya amene anaphunzila kugudubuka pa fumbi lomweli. Zonsezi ni magawo 16 okwana, ndipo palibe cifukwa coitanila cimotoka coyela. A National Arts Council na eni mawailesi a kanema, wolemba wotelo alipo kale, mwina ni uja amene amaika masizoni m'ma memori kadi pa kantemba.

Mwezi watha ninaika Reply 1988 pa TV, tinakhala atatu: ine, mlongo wanga na amayi. Amayi sawelenga Cizungu mwamsanga, ndiye mlongo wanga anali kuwamasulila. Pafika pa ana onyamula mbale kupita kwa aneba, amayi anamugwila dzanja kuti aleke, ati, "Apa osanimasulila. Iyi ni Chibolya ya kudala." Mlongo wanga anadandaula kuti mulibe mwana wa bwana, ndipo tsitsi la Deok-sun lioneka monga anamugela na mbale. Koma tili pa gawo 11, ndipo dzulo ndiye anali woyamba kufunsa ngati malaiti abwela.

Ngati mufuna poyambila, yambani na imeneyo, kenako My Mister. Za ana a mabwana tambani ngati mufuna, koma mwana wanu akhale pafupi ndipo pakamwa panu pasatsekeke. Ndipo mukakhala mu basi, cotsaniko ka waya kamodzi m'khutu, cifukwa amayi aja a tomato anafunika kuseluka pa Kalingalinga, koma tinafika nawo ku Mtendere.